Ziweto za Fresia

Unandisiyira nyumba ya pamtunda pa Valparaíso,
makwerero zana limodzi ndi makumi atatu kuchokera kudoko,
ngongole ya kwa wophika buledi,
ndi bafa lakale lija pakhonde,
lovundikira ndi chiguduli,
limene ndinkalilambalala zaka khumi ndi ziwiri
nditakwinya mphuno.

Sunandiuze kuti zimadya chiyani.
Kuchipatala unkangofunsa kuti, "Waziwaza madzi?"
ine n'kumati eya,
chonsecho bodza.

Maliro atatha, anthu atatsetsereka ndi makwerero,
ndinasonkhanitsa zotsala m'mbale,
mitu ya nsomba, anyezi, makoko a mandimu, mafuta a m'poto,
n'kukhuthulira m'bafamo, ati kupepesa.
Kutacha ndinazipeza zili pakhoma,
mazanamazana, zofiira ngati mitsempha,
zikusamuka.
Ndi nyongolotsi zomwe, Fresia, zinandikana.

Anasuzumira pampanda wa malata ndi Millaray,
kamtsikana ka a Huenchul kaja, kochoka mano akutsogolo.
"Bambo Eleuterio, mwaziwotcha.
Mandimu ayi. Nsomba ayi.
Zilibe mano izi, zili ngati ine."
Anang'amba katoni, kuyiviika m'chidebe,
"Finyani ngati sokosi. Madontho awiri, basi."
Makoko a mazira tinapera ndi botolo la vinyo.
Zothawa zija tinazitola ndi nthenga ya nkhunda,
imodziimodzi,
mpaka belu la tchalitchi linalira kuti masana akwana.

Ine amene ndinayendetsa chikweza kudoko zaka makumi atatu,
kunyamula katundu wa sitima ngati bokosi la machesi,
lero ndimakhala pampando wako
n'kumaduladula makoko a mbatata timizeretimizere.
Lachiwiri ndimatsika kukapempha zotsalira za khofi kwa a Nolfa.
Amandipatsa m'jumbo, osafunsa.
Pokwera ndimapuma katatu.

M'mwezi wa Julaye mvula inakhazikika,
nkhungu n'kumeza sitima zonse,
ndipo usiku wina nthaka inagwedezeka pang'ono,
monga ichitira kuno.
Makapu analira m'kabati.
Sindinathamangire chikwama cha mapepala.
Ndinangozindikira ndili pakhonde, wopanda nsapato,
tochi kukamwa,
ndikukweza chiguduli.
Zinali phee, zikudya khoko la nthochi.

Dzuwa litabwerera tinakolola.
Millaray anaunjika timilu papepala, padzuwa.
Izo zimadana ndi kuwala, zimathawira pansi,
iwe n'kumangoyepula pamwamba.
Dothi lake bii, lofewa, losakanirira m'manja,
lonunkhira ngati nkhalango za kwanu ku Osorno mvula ikakata.
Ndinafunafuna fungo la nsomba zija. Zii.

Pa sefa panatsala zimene zinakana kuwola:
timapepala tomata pa maapozi,
chingwe cha thumba la tiyi,
nthangala ya peyala itang'ambika, muzu uli tuu,
ndi kasupuni.

Kasupuni kako, Fresia,
kopindika khosi, ka malemu mayi ako,
kamene unandinyanyalira nako sabata yathunthu
kuti ndinapita nako kudoko n'kukataya.
Ndinalumbira mpaka kutchula oyera mtima onse.
Sunandikhulupirire.
Taona tsono:
unakakhuthula wekha, pamodzi ndi masamba a tiyi.
Zaka zisanu ndi ziwiri kali pansi pa ziweto zako,
izo zikudziwa, osanena.

Ndinaseka mpaka kukhala pansi.
Mwana uja anadabwa, anafunsa ngati aitane mayi ake.
Mlandu ndawina,
koma ndikauze ndani?

Sindinakatsuke.
Ndimatapira nako manyowa m'zitini za pazenera,
masupuni atatu pachitini,
ngati shuga.
Mwamera tomato amene sindinadzale;
mwina ndi wa pamaliro paja, mwina ndi wa m'mbale yako yomaliza.
Woyamba kupsa ndinapatsa Millaray.
Mano ake amera tsopano. Analuma, madzi ali chuu m'chigongono.

Madzulo ano ndasenda mbatata ziwiri zokha.
Ndasenda mokhuthala dala.
Ukanakhalapo ukanandilanda mpeni.